Nthambi ya pa Mphambano

Ine sindine munthu woyankhulayankhula. Kusukulu ya mishoni, kumene ndamaliza chaka chathachi, aphunzitsi ankandifunsa kuti, "Rozaria, kodi ukuyankha ine kapena ukuyankha mapazi ako?" Mwina n'chifukwa chake anthu akamakamba zawo pafupi ndi ine sasamala, amangondiona ngati chitsa.

Alamu anga a Howard anali a ku Jenala, kuchigwa chakufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene munthu amakula osakwerapo phiri. Anakwatira achemwali anga a Belita n'kudzakhala pachikamwini kwathu, m'tsinde mwa phiri la Michesi. Njala ya 1949 itafika povuta, anadzuka m'mawa wina n'kunena kuti akukasuma chinangwa kwawo. Anatenga dengu lathu lalikulu ndi khasu la amayi. Sanabwerenso. Mwana wawo Zelifa, amene ndinkamubereka ine achemwali akapita kukakumba mizu, anamwalira chimanga chisanache. Uthenga wa maliro unapita ku Jenala koma sikunabwere munthu.

Choipitsitsa n'chakuti sanawasudzule achemwali. Kwathu mwamuna akafuna kuchoka pabanja amakhala pansi pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, amanena ndi pakamwa pake kuti mkaziyu ndamusiya, n'kupereka kanthu m'manja. Popanda zimenezo mkazi amakhalabe wa mwini, sangakwatiwenso. Amalume a Goliati anayenda ulendo wa ku Jenala mpaka zidendene kung'ambika, koma akafika ankangouzidwa kuti a Howard ali kunyanja, a Howard ali ku Limbe. Amuna ankabwera kudzafunsira achemwali, amalume n'kumawabweza. A Belita anasiya kuseka. Ine ndinkagona nawo mphasa imodzi, ndiye ndikudziwa zimene ndikunena.

Tsikulo ndinakwera m'phiri kukatola nkhuni. Munali m'chilimwe, udzu utauma, mapesi a nandolo atayera m'minda. Mseu waukulu wopita ku Nkhulambe umadutsa pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje, ndipo usanakwere umalambalala kuseri kwa nkhokwe zathu. Koma m'mbali mwa phirimo muli tinjira tambirimbiri: ta amayi a nkhuni, ta anyamata osenza matabwa a mkungudza, ndi tina timene amadzera azungu aja amakwera ndi ndodo kukangoyang'ana kutali n'kutsikanso. Mphambano zake n'zosawerengeka. Choncho anthu akakhala paulendo wina n'kutsalira m'mbuyo, otsogola amathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka pakamwa pa njira yosafunika. Wobwera m'mbuyo akaona nthambiyo amadziwa kuti uku kwatsekedwa, n'kulowa njira inayo. Palibe amene amakhudza nthambi ya eni ake. Ngakhale mwana wamng'ono amailumpha.

Ndikumanga mtolo wanga pafupi ndi mphambano ina, ndinamva anthu akukwera, azimayi ena atasenza madengu a ufa ndi nkhuku, akupuma ngati ng'ombe. Patsogolo panali bambo wina wadazi amene ndinamuzindikira msanga: a Dyson, malume wawo wa a Howard, nkhoswe ya ukwati wa achemwali. Iwo sanandizindikire. Pamene ankandiona ndinali kamwana ka nthiti zoonekera.

"Iwe mtsikana, ya ku Nkhulambe ndi iti apa?"

Ndinaloza ya kumanzere, maso ali pansi.

"Koma a Dyson, mwatizunza," anatero mayi wina akutula dengu. "Mseu wabwinobwino uli apo, ife n'kumakwawa m'miyala ngati mbira?"

"Mseu umenewo uli ndi agalu olusa," anayankha a Dyson. "Wina wamkazi, wowonda, wakhala akudikira fupa lake kuyambira nthawi ya njala."

Onse anaseka. Mayi uja anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Tsekani njirayo, mkwati wathu Howard angasochere," anatero wina. "Telala uja Ismaili wamuchedwetsa ndi jekete. Mawa kutchalitchi Magret akapezeka ali yekha."

A Dyson anathyola nthambi ya msuku, anaigoneka panjira ya kumanja, ulendo n'kupitirira.

Ndinakhala pamtolo wanga kwa kanthawi. Makutu anali kutentha. Sindinganame kuti ndinalimbana ndi mtima wanga, ayi. Ndinangodikira kuti mawu awo azimirire, ndinadzuka, ndinanyamula nthambi ija n'kuigoneka panjira ya kumanzere. Ndinafufuta mapazi awo ndi masamba mpaka pamene njira imalowa pathanthwe.

Njira ya kumanjayo ife timaisiya m'chilimwe. Imatsikira m'khwawa lodzaza chitedze, ndipo nthawi imeneyi nyemba zake zimakhala zitakhwima, ubweya wake woyabwa uja ukungodikira mphepo. Ikatuluka m'khwawamo imakathera kuseri kwa khola lathu la mbuzi.

Ndinabisala kuseri kwa mwala pamwamba pa khwawa. Dzuwa litapendeka pang'ono ndinamva likhweru. Anali alamu anga aja. Ananenepa, masaya anali phwii. Anavala kabudula, nsapato atazimangirira pakhosi kuti zisathe, jekete yakuda yatsopano ataikoleka paphewa. Anaima pamphambano, anayang'ana nthambi, n'kulowa kumanja likhweru lili pakamwa.

Atafika pakati pa khwawa ndinatola mwala n'kuponya m'ziyangoyango zimene zinali pamwamba pa mutu wawo. Ndinaponyanso wina, ndi winanso. Ubweya unatsika ngati utsi wofiirira, ndipo mphepo inandibwezerako wina m'manja, koma sindinasamale.

"Anyani inu! Ndikuswani mitu!"

Kenako likhweru linatha. Ndinamva kudzimenya mbama m'miyendo, ndinamva "Mayo! Mayo ine!", ndipo anayamba kuthamanga chotsika, akudzipukuta kumaso ndi jekete yomwe inali itadzaza kale ubweya. Ine ndinasenza nkhuni zanga n'kutsika njira yanga ya masiku onse.

Ndinawapeza atafika kale. Anali pabwalo pathu, malaya atavula, akudzikhula msana pamtengo wa mango ngati nkhumba. Achemwali anali ataima ndi lichero la nandolo m'manja, osagwedezeka. Amayi anali pakhomo. Amalume a Goliati, amene ankasema mpini pamthunzi, anaika kasemasema pansi pang'onopang'ono.

"Takulandirani, akamwini," anatero amalume. "Chinangwa chija mwabwera nacho?"

"Pepani, madzi! Ndithandizeni madzi, ndikupsa!"

"Madzi alipo. Nanga dengu lathu mwalisiya kuti? Kapena likubwera m'mbuyo ndi khasu?"

Anthu anayamba kusonkhana, ana kukwera pankhokwe kuti aone bwino. A Howard anagubuduka m'dothi n'kudzukanso.

"Ndimangodutsa, ndikupita ku Nkhulambe kukaona wodwala. Ndasochera."

Ndinatula nkhuni pafupi ndi amalume. Ndinagwada monga ndimachitira, ndipo ndinayankhula ndikuyang'ana mpini umene ankasemawo.

"Amalume, wodwalayo dzina lake ndi Magret. Ukwati ndi mawa kutchalitchi. Ndakumana ndi a Dyson m'phirimu atanyamula nkhuku."

Amalume anatola jekete imene inagwera pansi, anaigwira ndi nsonga ya ndodo, anaiyang'ana uku ndi uku.

"Ukwati ndi chinthu chabwino," anatero. "Mawa tonse tipita. Belita, uchape chilundu chako. Abusa akafunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo, iwe ukangoimirira, osanena kanthu. Zonena ndikanena ndine."

"Ayi, chonde, musatero. Tikambirane."

"Ndikambirane ndi inu? Ine ndimakambirana ndi nkhoswe mnzanga. Khalani pansi apo, abwera. Mbuzi ikasowa mwini wake amailondola."

Sanathe kukhala pansi. Anaima, anagwada, anaimanso, zikhadabo zikugwira ntchito. Amayi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Palibe amene anawapatsa phulusa loti adzikhule.

A Dyson anafikadi dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Ataona kuti mkwati sakuoneka anabwerera, analondola mapazi ake, ndipo mapaziwo anawalowetsa m'khwawa lomwe lija. Anatulukira kuseri kwa khola dazi lili psuu, akukanda m'khwapa ndi manja onse awiri. Ana anagwa pankhokwe ndi kuseka.

"Wachotsa nthambi yanga ndani?" anakuwa.

"Nthambi zili m'phiri," anatero amalume. "Kuno kuli agalu okha. Khalani pamphasapa, a Dyson, mwasowa."

Sindikudziwa kuti mawu a agaluwo anawatenga kuti, chifukwa ine sindinawauze. Mwina a Dyson ankawanena paliponse.

Nkhani sinatalike. Anthu awiri oyabwidwa sachedwa kuvomera. A Howard anayamba kunena mothamanga kuti mkaziyu ndamusiya, koma achemwali anakweza dzanja. Aka kanali koyamba kuyankhula chifikire iwo.

"Musanandisiye, tandiuzani. Mwana wanu uja dzina lake anali ndani?"

A Howard anasiya kukanda. Anayang'ana a Dyson, a Dyson anayang'ana kumwamba.

"Zelifa," anatero potsiriza, motsitsa.

"Chabwino. Tsopano nenani zanuzo, mokweza, amve ndi a kuseri kwa mseu."

Ananena mokweza. Itafika nthawi yopereka kanthu m'manja anapisa m'matumba a kabudula, munalibe kalikonse. Amalume analoza jekete ndi ndodo yawo.

"Imeneyo ndiye ya mawa," anadandaula a Howard.

"Mukauze Magret kuti telala sanamalize."

Ananyamuka awiriwo kudzera mseu waukulu, pakati pa mudzi, anthu ataima m'makomo. Ankayenda pang'ono n'kuima kuti akande, wina kukanda msana wa mnzake. Ndinawayang'ana mpaka anakhota. Ndinaganiza kuti mtima wanga uzizira, koma unazizira theka lokha. Chitedze chimatha m'mawa mwake.

Madzulo titadya, achemwali anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anali ndi phulusa lozizira m'phale. Anagwira manja anga, amene ndinali nditawabisa m'nsalu chibwerere kuphiri, anaona mmene anatupira ndi kukanda, n'kuyamba kuwakhula pang'onopang'ono kuyambira m'zigongono.

"Nkhuni za lero wakazitola kutali," anatero.

"Zapafupi zatha, achemwali."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira, koma ankaseka, kuseka kwenikweni, mpaka phulusa linatayikira pamiyendo yanga.