Chaka cha pa Simenti

Simenti inali itathiridwa kale pakhomo pa tchalitchi chatsopano cha ku Nachisaka pamene a Kalisto Chimphepo, akatekisiti, anatulukira atavala jekete, msomali wa mainchesi sikisi uli m'manja ngati ndodo ya bishopu. Munali mu 1958. Kwina anthu ankakangana za Chitaganya, koma a Kalisto nkhawa yawo inali imodzi: dzina lawo likhale pakhomopo, pafupi ndi chaka, kuti adzukulu adzadziwe amene anamangitsa.

"Lembani msanga, aphunzitsi," anatero Samueli, mmisiri wa njerwa. "Simenti sidikira munthu."

"Chaka cha tchalitchi sachilemba ngati mtengo wa fodya," anayankha a Kalisto. "Tilemba m'manambala a Chiroma."

Anatembenukira akhristu amene anabwera kudzaonerera, nakonza pakhosi. Anafotokoza kuti I ndi chimodzi, V zisanu, X khumi, L makumi asanu, C zana, D mazana asanu, ndipo M ndi chikwi. Chaching'ono chikatsata chachikulu mumaonkhetsa, chikatsogola mumachotsera.

"Nanga kupitirira M?" anafunsa a Tereza, akazi awo, akusenda mtedza m'chitenje.

"Palibe chilembo china. M mumamulemba katatu basi. Mukafika pa 3999, zilembo zatha."

"Ndiye kuti dziko lidzathera pomwepo?"

"Ayi, mayi. Mukajambula mzere pamwamba, nambala imakula kachikwi."

"Ooh," anatero a Tereza. "Aroma nawonso ankalumikiza nsalu ikaperewera."

Anthu anaseka. A Kalisto sanaseke. Anagwada pa thumba, nayamba M wamkulu ngati chipata cha khola. Kenaka C, M wina, ndi L, zonse zonenepa, zooneka ngakhale kwa munthu wodutsa pa njinga. Atadzutsa mutu anapeza kuti malo otsala ndi ochepa ngati chikhatho ndi theka, ndipo simenti yayamba kuuma pamwamba. Panatsala V, ma I atatu, ndi dzina. Zonse sizikanakwana.

Mtima unawanong'oneza kuti asiyire pomwepo, alembe K. CHIMPHEPO mopanikiza. Ndani kuno angawerenge Chiroma?

Kumbuyo kwawo wina anatsokomola. Anali a Andireya, amene anali katekisiti a Kalisto asanabwere, ndipo anachoka pampandopo mosafuna. Chiroma anachiphunzira ku mishoni komweko.

"MCML," anawerenga a Andireya pang'onopang'ono. "1950. Mwachita bwino, achimwene, siyirani pomwepo. Chaka chimenecho ndinkatsogolera ndine. Inu munali ku Halale."

A Kalisto anakanikiza msomali, nalemba V.

"1955," anatero a Andireya mokoma mtima. "Ndinali ndidakalipo."

I woyamba analowa movuta. A Andireya anagwedeza mutu kuti nachonso chinali chaka chawo. I wachiwiri anatukula timiyala.

"Chaka chimene munabwera," anatero a Andireya. "Koma njerwa zinali zisanaumbidwe."

A Kalisto anayang'ana kadanga kotsalako. Mukanalowa K wowonda, kapena I womaliza. Thukuta linadontha pa simenti.

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo," anatero a Tereza, osadzutsa maso pa mtedza.

Analemba I. Anaimirira, nasasa maondo, nalengeza kuti munthu wa Mulungu safuna dzina pa zinthu za pansi pano. Samueli anayala masamba a nthochi m'mbali, anthu nabalalika.

Masana, thadzi la a Tereza linalumpha masambawo potsata khoko la mtedza, niliyenda m'mphepete momwe simenti inali idakali yofewa chifukwa cha mthunzi.

Mpaka lero pakhomopo pali MCMLVIII, zilembo zoyamba zazikulu, zomaliza zothithikana ngati anthu m'basi ya ku Malomo. Pansi pake pali mapazi a nkhuku. Alendo akafunsa amene anamangitsa tchalitchicho, a kumeneko amaloza pomwepo.