Ba Fabian Alowa M'gulu la Abakha

Monalisa atamaliza maphunziro opanga mawebusaiti, kasitomala wake woyamba anali azakhali ake, Ba Nkandu, oweta nkhuku ku Makeni. Masamba a webusaiti yawo anachuluka, la nkhuku zoyera, la zamazira, la abakha, ndipo Monalisa anachita ulesi kulemba mutu wa tsamba lililonse pamanja. Analemba kamzere kamodzi ka kodi, malangizo a kompyuta aja, koti kazitenga dzina la chinthu chili patsambapo n'kuphatikiza mawu otsatsa malonda. Ukatsegula la abakha, pamwamba pamatuluka kuti: "Abakha: onenepa bwino, tikubweretserani pakhomo." Mtsikanayo anadziombera m'manja yekha.

Patapita milungu iwiri, Ba Nkandu anaganiza zoti makasitomala adziwe nkhope ya dalaivala wawo, Ba Fabian, bambo wa zaka makumi asanu, wosakwatira, woonda ngati mpini wa tsache. Sanafunse munthu. Anatsegula pomwe amalowetsera abakha atsopano, naikapo dzina, nambala ya foni ndi chithunzi cha Ba Fabian atavala jekete ya kutchalitchi, natumiza linki ku gulu la Watsapu la amayi a Chigwirizano ku Chilenje.

Foni inamupeza Monalisa ali m'minibasi, atapanikizika pakati pa thumba la makala ndi kondakitala.

"Iwe Monalisa, wanichita chani?" anakuwa azakhaliwo. "Azimai bonse bafuna Ba Fabian! Wina wafunsa ngati tigulisa bamoyo olo bososola kudala!"

Atatsegula linkiyo, Monalisa anaona mutu uli pamwamba pa jekete: "Ba Fabian: onenepa bwino, tikubweretserani pakhomo." Anaseka mpaka kondakitala anasuzumira, nayenso n'kuyamba kuseka, basi n'kupitirira siteji.

Anafika ku Makeni ndi laputopu kukhwapa. Vuto linali laling'ono: kodiyo sinkasiyanitsa bakha ndi munthu. Anawonjezera mizere itatu kuti tsamba likakhala la wantchito, mutu uzinena dzina ndi ntchito yake basi. Akulemba choncho, Ba Fabian anaima kumbuyo kwake, chipewa chili m'manja.

"Mwana wanga, ufuta zonse?"

"Ee, ankolo. Pepani maningi, nakuchitisani nsoni."

"Nsoni za chani? Zaka naini niyendesa iyi vani, palibe ananitumilapo foni kunifunsa ngati nadya. Lelo batuma bali seveni."

Ba Nkandu anawayang'ana ndi diso lofiira, ndipo mutuwo unasinthidwa pomwepo kukhala "Ba Fabian: dalaivala."

Koma mayi wina wamasiye wa ku Kabwata, Ba Chola, anali atasunga kale nambala ya Ba Fabian. Anayamba kuitanitsa thireyi ya mazira Lachiwiri ndi Lachisanu, ngakhale amakhala okha m'nyumba. Vani yomwe inkabwerera masana inayamba kufika dzuwa litapendeka, dalaivala akutokosa m'mano. Ba Nkandu anakalipa kwa mwezi wathunthu, kenako anangosintha ndondomeko ya ulendo kuti Kabwata izikhala yomalizira.