Nkhani Zisanu za Malemu Kachingwe

Inali cha m'ma 9 koloko m'mawa, kuchiyambi kwa Juni, ndipo mphepo yozizira inkaulutsa makoko a mtedza mumsewu wa pa Nsaru. Nasoni anali atangotsegula kachipinda kake kuseri kwa sitolo ya mbewu, momwe ankapangiramo mawebusayiti a masukulu ndi magulu a alimi, pamene anthu awiri anaodira pakhomo. Anali a Laston Kachingwe ndi alamu awo, mayi Marita, atavala duku lakuda. Amuna awo a mayiwa, aphunzitsi Eliya Kachingwe, anali ataikidwa m'manda masabata atatu apitawo.

Nasoni anawapatsa mipando, iye n'kukhala pa kreti. Atalonjerana, a Laston anatulutsa foni.

"Nasoni, akufa amalemba kodi?"

Pafonipo panali bulogu ya aphunzitsi, tsamba lawo la pa intaneti, imene Nasoni anawakonzera zaka zinayi zapitazo. Pamwamba panali chithunzi chawo akumwetulira, ndipo m'munsi mwake munali mawu amene tsambalo linkadziikira lokha pa nkhani iliyonse yatsopano: Yalembedwa lero ndi Eliya Kachingwe.

Nasoni anazindikira chimene chinachitika. Aphunzitsi atapuma pantchito ankalemba za ulimi mukope, ndipo iye ankazitaipa. Mu Epulo, matenda atayamba kuwafooketsa, anabwera ndi nkhani zambiri pakamodzi. Nasoni anazitchera kuti zizituluka zokha tsiku loyamba la mwezi uliwonse. Kumaliro anapita, bokosi ananyamula nawo, koma zoimitsa nkhanizo sizinamufike m'mutu.

"Ndalakwa ndine, bambo," iye anatero, n'kufotokoza mmene zinachitikira.

"Mwana wawo wa ku Joni waimba dzulo akulira, akuti mwina tinamunamiza. Kumsika ena ayamba kale zonena zawo. Zatsala zingati?"

"Zisanu."

"Ufufute zonse, ndi tsamba lomwe. Tikuona."

Nasoni anayatsa kompyuta. Kufufuta sikukanatenga ngakhale mphindi ziwiri, ndipo ankadziwa kuti nkhanizo kulibenso kwina. Kope lija aphunzitsi ankang'amba masamba ake akamaliza kutaipitsa, n'kukulungira mbewu. Anatsegula mndandanda wa nkhani zisanuzo, dzanja lili pa mausi, koma sanadine.

Mayi Marita, omwe anali asanalankhule, anasendeza mpando.

"Mwanawe, ya mwezi wamawa ikuti chiyani?"

"Alamu, musadzipweteke nazo," anatero a Laston.

"Ndikufuna ndimve."

Nasoni anawerenga. Inali nkhani ya kukonza manyowa m'chilimwe: kuya kwa dzenje, mapesi pansi, ndowe pamwamba, phulusa pang'ono. Chakumapeto aphunzitsi analemba kuti: "Ine ndinaphunzira izi m'mabuku, koma dzenje langa loyamba linangouma. Mayi akunyumba ndi amene anandiuza kuti ndimaumira madzi. Ankanena zoona, ngakhale sindinawauze."

Mayi Marita anayang'ana pansi. Kenako anapukuta pamphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Zaka makumi atatu akukana zimenezo," anatero.

A Laston anatsokomola. "Komabe, alamu, anthu sangamaone munthu womwalira akulankhula mwezi ndi mwezi."

"Alamu, njinga yawo ili kuti?"

"Ili m'nyumba."

"Nanga jekete, ndi mabuku aja?"

"Zonse zili m'chipinda. Ndinakhoma ndekha. Palibe wokhudza mpaka abale tidzakhale pansi mu Ogasiti."

"Ndiye izi si katundu wawo kodi? Inu nomwe munati ngakhale lumo lisatuluke. Lero mukufuna kutaya mawu awo amalume awo asanamve, ana asanabwere?"

A Laston anaika foni yawo pa tebulo. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosakonda kulumpha dongosolo, ndipo dongosololo analiika ndi iwo.

"Zingatheke kuzikhomera osazitaya?" a Laston anafunsa Nasoni.

"Zingatheke, bambo. Ndizibweza kuti zikhale zosatuluka. Zikhala momwemo, koma palibe aziona kufikira mutandiuza."

"Nanga mawu akuti lerowo?"

Nasoni anatsegula pamene pamakhala malamulo a maonekedwe a tsamba, n'kusaka mzere umene unkaika mawuwo. Anaupeza, n'kufunsa mayi Marita kuti alembepo chiyani. Iwo anaganiza pang'ono.

"Lemba kuti, Analemba malemu Eliya Kachingwe akadali moyo. Chithunzicho chisiye. Anachikonda."

Nasoni anasintha, n'kuwaonetsa pafoni ya a Laston. Kenako anabweza nkhani zisanu zija imodziimodzi, a Laston akuwerenga ndi chala kuti pasatsale ina. Mayi Marita anapempha kuti ya manyowa ija awasindikizire papepala. Nasoni anawasindikizira. Mayiwo anapinda pepalalo kanayi n'kulimanga pa chitenje.

"Mu Ogasiti udzabwere ndi makina akowo," anatero a Laston ali pakhomo. "Udzawerengere abale zonse. Akadzati zituluke, zidzatuluka."

Atapita, Nasoni anakhala kanthawi manja ali m'thumba la juzi. Kenako anakokera mpando pa tebulo n'kutsegula webusayiti ya gulu la alimi a soya a ku Kabudula, yomwe zithunzi zake zinkachedwa kutseguka pa mafoni ang'onoang'ono, ndipo anayamba kuzichepetsa.