Nyimbo Yachinayi ya Kuramochi

Nthawi inali itangopitirira leveni koloko m'mawa, kamvula kakuwaza pa denga la msewu wa masitolo mumzinda wa Sakata, pamene Chizuru analowetsa chimbale m'makina a m'sitolo ya zakudya ya bambo Kuwabara. Iye ankagwira ntchito m'sitolomo.

Anali atapempha kwa nthawi yaitali kuti chimbalechi chilire m'sitolomo. Seiya Kuramochi, woimba amene iye ankamukonda kuyambira ali kusekondale, anali atasiya bandi yake ya magitala aphokoso n'kutulutsa chimbale choyamba cha yekha. Anzake a Chizuru ankati kumeneko n'kusayamika, ndipo anakana n'kuchigula komwe. Iye ankangofuna kuti anthu ena achimveko. Bambo Kuwabara, amene m'sitolo mwawo munkangolira wailesi ya zanyengo, anavomera monyinyirika. Anati ndi lero lokha, ndipo pakangochitika chosokoneza malonda, chimbalecho chisadzapondenso m'sitolomo.

Nyimbo zoyamba zinayenda bwino. Gitala anali mmodzi, ng'oma zapansipansi, ndipo mawu a Kuramochi, amene kale ankamira m'phokoso, tsopano ankamveka pambalambanda. Anali atakhwima, osasa pang'ono, moti munthu ankamva ngakhale pamene woimbayo akukoka mpweya. Chizuru ankasanja tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, m'firiji akumwetulira yekha. Mayi wina wosankha kabichi ankagwedeza mutu osadziwa.

Kenaka inafika nyimbo yachinayi. Inayamba ndi limba lokha, mwapang'onopang'ono, ikuyenda ngati munthu wotsanzika.

Chizuru anaimvera kambirimbiri kunyumba, koma sanaganizepo kuti m'masipika a m'sitolo ingamveke bwanji. Inali yofanana zedi ndi kanyimbo kamene sitolo iliyonse ya mumzindamo imaika ikamatseka. Anthu sanafunse. Agogo ena anabweza botolo la msuzi wa soya pa shelefu n'kuthamangira polipira. Mayi wa kabichi anakoka mwana wake, akupepesa kwa aliyense kuti wachedwetsa anthu. Mzere unafika mpaka pa mazira. Amene ankalowa pakhomo anawerama n'kubwerera, akutambasulanso maambulera awo.

Choipa kwambiri chinachitika kumbuyo, kwa nsomba. A Genzo, mkulu wodula nsomba amene ankagwira ntchito m'kachipinda kopanda windo, atamva limba lija anatuluka ndi mpukutu wa timapepala tofiira n'kuyamba kumata theka la mtengo pa nsomba zimene anali atangodula kumene, monga ankachitira madzulo aliwonse potseka.

Chizuru anathamangirako. "A Genzo, mukutani? Dzuwa silinafike n'pamutu pomwe."

"Ndiye bwanji mukuimba yotsekera?" anayankha mkuluyo, dzanja likumatabe. "Ine makutu anga ndiwo wotchi, mwanawe. Ndimati tsiku lafulumira chifukwa ndakalamba."

Anthu a pamzere ataona timapepala tofiira anabwerera onse. Posakhalitsa nsomba zinatha psiti.

Chizuru anazimitsa makina, nkhope itatentha. Anapita kwa bambo Kuwabara, amene anali ataima pakhomo la ofesi manja ali kumbuyo, n'kuwerama kwambiri. Anati cholakwa n'chake, osati cha a Genzo, ndipo chimbale achichotsa pompano.

"Walira mvula walira matope," anatero a Genzo chapatali. "Bwana, musamukalipire. Woimba wakeyo watigulitsira nsomba kuposa ine."

Bambo Kuwabara sanaseke. Anafunsa kuti nyimboyo imanena chiyani, popeza iwo anangomva limba ndi mapazi a anthu. Chizuru anafotokoza mwachibwibwi kuti Kuramochi akuimbira anzake a m'bandi. Sakuwanyoza, sakupepesanso. Akungowauza kuti galimoto imene ankayendera limodzi ija amailotabe, ndipo mpando wake aikepo katundu, usakhale wopanda kanthu.

"Ibwereze," anatero bwanayo. "Koma uyambe wauza anthu kuti sitikutseka."

Chizuru anatenga chimkuzamawu n'kulengeza. Makasitomala anaseka, ena akubisa nkhope chifukwa cha manyazi. Limba linayambanso. Ulendo uno palibe anathamanga. Agogo aja anakatenganso botolo lawo lija, n'kuima pafupi ndi sipika mpaka nyimbo inatha, kenaka anafunsa dzina la woimbayo kawiri kuti asaiwale. Bambo Kuwabara anamvetsera akuyang'ana pansi. Iwo anali atasiyana ndi mchimwene wawo wamkulu pa nkhani ya sitolo yomweyi kalekale, ndipo aliyense mumsewumo ankadziwa. Nyimbo itatha anatsokomola, n'kukonza kabokosi ka anyezi kamene kanali kale bwinobwino.

"Amaimba ngati munthu woti wadya mchere wokwanira, waona zambiri," anatero. "Zinazo uziika m'mawa uliwonse. Yachinayiyi ndi ya madzulo, potseka. Kanyimbo kakale kaja kananditopetsa."

"Nanga nsomba zija, bwana?" anafunsa Chizuru.

"Zapita kwa anthu, sizinapite kudzala. A Genzo, mawa muziyamba mwasuzumira panja."

"Ndiboolereni windo," anayankha mkuluyo, akunola mpeni.

Chizuru anawerama mothokoza. Anadumphitsa chimbale kupita pa nyimbo yachisanu, ya ng'oma zothamanga, n'kubwerera ku firiji, kumene bokosi la tofu linali likumudikira lili pakatikati.