Anagwira Goliati Wolakwika

A Goliati Pius anali munthu wamfupi kuposa aliyense m'mudzi mwawo. Bambo awo anawapatsa dzinalo ali khanda, poganiza kuti mwana adzatengera agogo ake amene ankasenza matumba awiri a chimanga osapumira. Koma mwana anakula pang'ono n'kuima pomwepo. Akakwera kabaza, wopalasa ankacheukacheuka kuti aone ngati akadalipo. Ntchito yawo inali yokhoma zidebe, mbaula ndi makeni othirira kudimba, pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa msika.

Tsiku lina la msika mbiri inawanda kuti akuba athyola chigayo cha mayi Shamsa, amanga mlonda ndi chingwe, n'kuzula mota yoyendetsa chigayocho. Apolisi atafunsa mlondayo, a Jonathan, kuti anaona ndani, iwo anati, "Nkhope sindinaione, bwana. Koma chimene chinandipanikiza pansicho chinali chimunthu, Goliati weniweni!" Wapolisi amene ankalemba anangotola dzinalo, zinazo n'kusiya.

Dzuwa litakwera, apolisi awiri a pakapolisi ka m'deralo anatulukira pamsika akufunsa za Goliati. Amayi ogulitsa tomato anawalozera ku mtengo wa mango. Anafika, anawadutsa a Goliati, anasuzumira kuseri kwa mtengo, n'kubwerera.

"Bambo, abwana anu a Goliati alowera kuti?" anafunsa sajeni, munthu wa mimba yotsogola.

"Ndine ndemwe, bwana."

Apolisi aja anayang'anizana. Wamng'onoyo anafuna kuseka, koma sajeni anamudzudzula ndi diso. "Akuba ake ndi omwewa," anatero, "ooneka ngati sangaphe nsabwe. Imirirani!"

"Ndaimirira kale, bwana."

Anawaveka unyolo, unyolo n'kupululuka wokha kugwa m'fumbi. Anawavekanso, unagwanso. Pomaliza anawauza kuti augwire okha ndi zala kuti usagwe. A Goliati anaugwira. Maso awo anali pa munda wa nandolo umene unali tsidya la msewu, ndipo ankadziwa kuti atangolowamo sangaoneke ngakhale chipewa.

Apo n'kuti anthu atadzaza kale. Alamu awo a Trevor, amene ankawotcha nyama ya nkhumba pamsikapo, anafika akukuwa, njerwa ili m'manja. "Lero aona! Anyamata, tolani miyala! Munthu amangotengedwa ngati nkhuku?"

Akazi a Goliati, a Nester, anasiya beseni la nyemba za kalongonda zimene ankagulitsa n'kudzaima patsogolo pa mchimwene wawoyo. "Achimwene, ikani pansi njerwayo. Mukagenda, mawa ndiziphikira anthu awiri kupolisi? Ndiwo zake ziti?" Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Bambo a Fiona, ndakuonani mukuyang'ana nandoloyo. Musayerekeze. Wothawa ndiye wakuba. Pitani nawo bwinobwino, ine ndili pambuyo panu."

A Nester anafunsa sajeni mwaulemu kuti mwamuna wawo walakwa chiyani, ndipo akupita naye kuti. Sajeni anangoti akamvera konko.

"Chabwino. Nanga dzina lanu ndani, bwana?"

"Funsani."

"Ndikufunsa kumene, bwana."

"Ndati Funsani!"

"Ndifunse ndaninso, eni dzina muli pomwepa?"

"Mayi, dzina langa ndine Sajeni Funsani!"

Msika wonse unafa nalo phwete, ndipo ngakhale a Trevor njerwa ija inawapulumuka. Koma sajeni sanaseke, ndipo amene analipira kusekako anali a Goliati.

Atangolowa muofesi ya kupolisi, chitseko chinatsekedwa, sajeni n'kuyamba kufunsa. "Mota ili kuti?"

"Mota yanji, bwana?"

Mbama inagwa pa khutu lakumanzere, khutu n'kulira ngati chidebe chimene akuchikhoma. Ndodo inatsatira kumsana ndi m'mawondo. A Goliati anagwa pansi, misozi ili mbwe, osati ya ululu wokha komanso ya manyazi, poti chibadwire anali asanamenyedwepo ndi munthu wamkulu mnzawo. Kenako sajeni anawaponyera pepala ndi cholembera. "Sainani apa, zithe. Mukavomera tikumverani chisoni."

"Ndiyambe ndawerenga, bwana."

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Pepalalo linkati iwo, a Goliati, anagwetsa mlonda, anamumanga, anazula mota n'kuisenza pamutu.

"Bwana," anatero a Goliati, "ine ndowa ya madzi amachita kundisenzetsa mayi a kunyumba. Izi sindinachite, ndipo sindisaina. Ngati pali mlandu, mundipititse kukhoti ndikayankhe kumeneko."

Sajeni anakwezanso dzanja, koma wapolisi wamng'ono uja anatsokomola n'kunena kuti panja pali anthu akumva. Choncho anangowakankhira m'chitokosi.

M'menemo munali amuna atatu, ndipo mbiri inali itawafikira kale. Wamkulu thupi pa onsewo, Junaid, amene anamangidwa chifukwa cha ndewu ya ku mpira, anadzuka msangamsanga pamalo abwino apafupi ndi zenera.

"Akuluakulu, khalani apa, pali kamphepo. Ndinu aja mwasenza mota ya chigayo?"

A Goliati anatsegula pakamwa kuti akane, koma anaona mmene amuna atatuwo ankawayang'anira. Moyo wawo wonse anthu ankawayang'ana kuchokera pamwamba, ena mpaka kuwasisita pamutu ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Lero chimphona chinawapatsa malo, wina akuwakupiza ndi malaya. Ululu wa kumsana unayamba kumveka patali.

"Zina sitikamba," anatero, akuyang'ana kudenga.

"Ndinanena ine!" Junaid anauza anzake. "Anthu afupiafupiwa amakhala ndi zitsamba. Nanga mlonda uja, anayesa kulimbana nanu?"

A Goliati anakhosomola pang'ono. "Anayesa."

"Anayesa chiyani?"

Mawu amenewo anachokera pazenera. A Nester anali atakwera pamwala panja, nkhope ili pa zitsulo.

"Ndikufunsa inu, bambo a Fiona. Anayesa chiyani? Wapolisi wandiuza kuti mwamenyedwa muofesi chifukwa chokana bodza, ine n'kunyadira kuti ndinakwatiwa ndi mwamuna. Ndiye bodza lomwelo mudzalivomere muno mwaulere chifukwa akukukupizani ndi malaya? Anthu awa akakaitanidwa kukhoti akanena kuti chiyani? Auzeni msanga ntchito yanu!"

A Goliati anaweramitsa mutu.

"Ine ndimakhoma zidebe, achimwene. Mota sindinaionepo n'komwe."

Malaya aja analeka kukupiza. Posakhalitsa Junaid anabwerera pamalo ake apazenera, a Goliati n'kupezeka ali pakona, pafupi ndi chidebe chimene onse ankadzithandiziramo. Anachiyang'anitsitsa n'kuona kuti chikudontha pamsoko, ndipo anadzitonthoza kuti chimenecho sanakhome ndi iwo.

A Nester sanabwere okha. Anali atapita kuchigayo kukatenga mayi Shamsa ndi mlonda wawo, ndipo anakhala pabenchi la kupolisi n'kunena kuti sachokapo mpaka mlondayo aone munthu amene wagwidwa. Sajeni anayesa kuwathamangitsa, koma mayi Shamsa anati nawonso akufuna kuona nkhope ya wowabera. Dzuwa litapendeka, a Goliati anatulutsidwa.

"Nayu Goliati wanu uja," anatero sajeni.

A Jonathan anayang'ana pamwamba pa mutu wa a Goliati, kudikira kuti wina atuluke. Atazindikira kuti munthu wake ndi yemweyo, anagwira pamimba. Anaseka mpaka kukhala pansi, mabala a chingwe akuwawawa koma osaleka.

"Awa? Bwana, awatu ndikanawaika m'thumba la jekete n'kupitiriza tulo! Ine ndinati munthuyo anali wamkulu ngati Goliati wa m'Baibulo uja. Awa ndi a zidebe, mbaula ya kwathu anakhoma ndi iwowa."

Kuseka kumeneko kunawapweteka a Goliati pafupifupi ngati mbama ija, koma anakulandira, poti ndiko kunawamasula.

Sajeni anasintha mawu. "Basi, bambo, zachitika. Ntchito yathuyi ndi yovuta. Tikhululukirane, ndife anthu amodzi. Tulukirani khomo lakuseri, anthu asachuluke."

"Ndinalowera khomo lakumaso anthu akuona, bwana. Nditulukira lomwelo. Komanso ndikupempha kalata yopita nayo kuchipatala, khutu langa latupa."

"Munagwa nokha m'chitokosi."

"Ayi, anabwera atatupa kale," anatero Junaid ali mkati. "Mbamayo tonse tinaimva. Ine ndinayesa tayala laphulika."

Kalatayo a Goliati sanapatsidwe, komabe anapita kuchipatala cha Namitambo, kumene anawayeza khutu ndi msana n'kulemba zonse m'buku lawo la kuchipatala. Kunyumba anapeza a Trevor atasonkhanitsa anyamata, akuti akagwetse mpanda wa kupolisi. A Goliati anawakaniza. "Alamu, lero ndatuluka chifukwa ndilibe mlandu. Mukufuna mundipezere weniweni?"

Sabata yotsatira iwo ndi a Nester anapita ku Boma kukadandaula kwa akuluakulu a polisi. Ulendo woyamba anauzidwa kuti bwana ali kumsonkhano. Wachiwiri anauzidwa kuti bwana wangotuluka kumene. A Goliati anafuna kuzisiya, koma a Nester anati mlandu suwola, ndipo nsapato zikatha apita osavala. Ulendo wina anamupeza bwanayo, mayi wodekha amene anamvetsera nkhani yonse osawadula, kupatula pamene anapempha kutuluka pang'ono atamva za unyolo wopululuka uja. Atabwerera, maso ali onyowa ndi kuseka, anaona buku la kuchipatala ndipo nkhope yake inasintha. Anaitanitsa mlonda, Junaid ndi wapolisi wamng'ono uja, onse n'kunena zimene anaona ndi kumva.

Mvula yoyamba itagwa, galimoto ya polisi inaima pafupi ndi mtengo wa mango. Munatuluka bwana uja ndi Funsani, amene tsopano mizere ya usajeni inali itachoka paphewa pake. Anthu anasiya malonda n'kuzungulira. Funsani anavula chipewa, maso ali pansi, n'kung'ung'udza kenakake.

A Goliati anatchera khutu lakumanzere. "Pepani, bwana, ndi khutu lija munamenyali. Kwezani mawu."

"Ndati pepani, bambo Pius. Ndinakulakwirani."

"Aaa, likungolira. Mayi a Fiona, mwamva zimene akunena?"

"Inenso mphepoyi yandisokoneza," anatero a Nester.

Kachitatu Funsani anakuwa moti mpaka ogulitsa mbuzi kumapeto ena a msika anamva. Apo a Goliati anapukuta dzanja pa thalauza n'kumupatsa moni. "Ndamva, bwana. Ndakukhululukirani. Koma wina mukadzamugwira, muzidzayamba mwamufunsa. Kufunsa sikutupitsa khutu."

Akuba enieni anagwidwa patapita nthawi ku Limbe akutsatsa mota ija, ndipo anali amuna anayi ndi galimoto. Koma tsiku la kupepesalo, galimoto ya polisi itachoka, a Goliati anakhala pa chitsa chawo. A Trevor anabwera akudandaulabe kuti nkhani yonseyi yatha popanda wogendedwa ngakhale mmodzi, n'kuwaikira pamwendo kanyama kowotcha kokulunga m'pepala, kaulere, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwire mlongo wawo. A Goliati anatsegula n'kupeza kuti ndi mafuta okhaokha ndi chikopa. Anathira mchere n'kudya konse.