Chopotera Waya

Mvula iliyonse inkakokolola dothi kuseri kwa nyumba, mpaka maziko a khitchini anayamba kuonekera. Bambo, amene anakalambira pa ntchito yomanga, anati simenti siifunika. Anayamba kuluka okha mpanda wa mabokosi a waya n'kumawadzaza miyala, kuti madzi azidutsa koma dothi lizitsala.

Mwana wawo wamkazi, wokonza njinga, ndiye ankatuta miyala pa wilibala. Anaona kuti bokosi loyamba latupa mimba. Mkati mwake munkafunika mawaya opingasa, opotedwa zolimba kuti akoke mbali ziwirizo, koma zala za bambo zinali zitauma ndi nyamakazi. Chopanira chinkawapulumuka, iwo n'kuchitola msanga ngati palibe waona.

"Tiitane mng'ono wanu," anatero mayi ali pakhomo. "Inu muzingokhala pampando n'kumaloza."

"Uja amakhoma chala chake kusiya msomali?"

Mayi anaseka, koma mwanayo sanaseke. Ankadziwa kuti bambo akakhala pampandopo, ntchito ya manja atsazikana nayo.

Analowa m'shedi mwake, nachotsa mkono wa pedulo pa njinga yakufa. Anapinda msomali waukulu kukhala ngowe, n'kuuwotcherera kumapeto. Chidacho anangochisiya pamwamba pa miyala.

"Nanga ichi? Ndiupalase mpandawu?" anafunsa bambo atachiona.

"Kolani waya ndi ngoweyo, bambo, muzizunguliza ndi chikhatho. Zala zipumeko."

Bambo anayesa monyinyirika. Waya anapoteka bwinobwino, kenako anaduka. Wachiwiri chimodzimodzi. Kale zala ndizo zinkawauza kuti pakwana, tsopano chitsulo chinali chitalowa pakati. Anachiika pansi n'kumayang'ana manja awo nthawi yaitali. Mwanayo anasowa poyang'ana, nayamba kukankha wilibala yopanda kanthu.

"Iwe, taimitsa chigaleta chakocho, chikusokosa."

Anaima. Bambo anakola waya wachitatu, napota katatu, n'kumukhwatcha ndi chikhadabo ngati nsambo ya gitala, khutu lili pafupi. Kamawu kanatuluka kofooka. Anapotanso pang'ono, nakhwatchanso. Kulirako kunkakwera pang'onopang'ono, ndipo kutafika pamene ankafuna, anachotsa ngowe. Mbali ya bokosi inali itawongoka. Anaikankha ndi bondo, osagwedezeka.

"Chogwirira chako n'choterera," anatero osatembenuka. "Uchikulunge ndi mphira. Koma uyambe wandidulira mawaya ena khumi."