Kadontho Kofiira pa Mapu

Telala anali akuthira madzi m'ndowa pamene mlamu wake anamupeza kubafa.

"Alamu, zomerazi zikununkha. Achemwali anapita, tizitaye basi. Anthu azisambira pati?"

Telala anapitiriza kuthira madziwo. Chiikireni maliro a mkazi wake, iyi ndiyo ntchito yokhayo imene manja ake ankaikumbukira. Makina ake osokera anali chivundikirire. Njala sankaimva, chisoni nachonso sankachimva, ndipo zimenezi zinkamuchititsa manyazi.

Malemuwo ankagwira ntchito yoyeza ukhondo wa mtsinje. Ankazula namasupuni ndi kakombo m'malo osiyanasiyana, n'kuika kadontho kofiira pa mapu a m'foni posonyeza pomwe wazula. Zomera zimamwa chilichonse chimene chili m'madzi, choncho akazipima kulabotale sizibisa kanthu. Zomalizazi anazizula kumunsi kwa paipi ya fakitale ya zikopa.

Masana kunabwera mayi wina, mnzake wa kuntchito wa malemuwo, kudzatenga ndowazo. Atanunkhiza madziwo, nkhope inagwa.

"Bambo, mwakhala mukuthiramo madzi a pampopi?"

"M'mawa ndi madzulo. Ndimaopa kuti zingafe."

"Pepani. Kulabotale sangazilandirenso. Umboni wonse wapita."

Mlamu anaomba m'manja. "Taonani! Munthu wosathirirako ngakhale duwa chikwatirireni, lero wathirira mpaka kuononga."

"Zina zingazulidwe mvula isanagwe," anatero mayi uja, "koma ndatsala ndekha, malo ndi ambiri."

Telala anatenga foni ya mkazi wake ndi ndowa yopanda kanthu. Kumtsinjeko anali asanapitepo naye ndi tsiku limodzi lomwe. Zake zinali kumuseka kuti anakwatira mlembi wa achule. Anayenda maso ali pafoni, kudutsa kuseri kwa magalaja, mpaka kadontho koyenda kosonyeza pomwe iye ali kanakagona pa kadontho kofiira ka kumunsi kwa paipi ija.

Madzi a pamenepo anali ngati tiyi wogona. Anazula namasupuni monga mnzake wa malemuwo anamuuzira, mizu ndi madzi ake omwe. Pambali pake amayi atatu ankachapa, ndipo wamkulu mwa iwo, manja ali zilonda zokhazokha, anayang'ana foniyo.

"Ndinu amuna awo a mayi wa zomera? Tinamva. Pepani."

Telala anangogwedeza mutu.

"Akanatipeza pano bwenzi titaziona," anapitiriza mayiyo. "Sankataya nthawi n'kulalikira. Ankangonyamula beseni lako n'kumapita nalo kumtunda kwa paipi, iwe uzithamanga pambuyo ukulalata. Komatu kumtundako n'kutali, bambo. Miyendo yathu ino."

Telala anaimirira, madzi akudontha m'zigongono. Kenako anaika ndowa yake pamthunzi, anawerama, n'kusenza beseni la mayiyo paphewa. Linali lolemera kuposa mmene ankaganizira.

Anayamba kukwera mtunda. Kumbuyo kwake mayi uja anadzuka, akutola sopo, n'kuyamba kulalata.